Foni Imene Amalume Anakachapitsa

Mlongo wanga, amene anandiponda pamutu, anali wojambula. Maukwati, zinkhoswe, ubatizo, makwaya, ngakhale maliro a anthu amene ana awo ali ku Joni ndipo akufuna kuona mmene mwambo unayendera, zonsezo ankajambula ndi iye, kuyambira kwathu ku Matandani mpaka kutsikira ku Matope. Anamwalira m'nyengo ya mvula, njinga yamoto itaterereka naye pamtsetse akuchokera ku ntchito. Kamera inaphwanyika. Laputopu imene inali m'chikwama kumsana inathyoka pakati. Foni yokha, imene inali m'thumba la jekete, ndiyo inatuluka yopanda ngakhale kachipsera.

Tsiku la maliro anthu a kutchalitchi anafuna chithunzi choika pabokosi. Tinasakasaka m'nyumba, m'mafoni a abale, m'maenvelopu akale a amayi. Zithunzi zinalipo mbwee, koma zonse za anthu ena: akwati a eni, ana a eni, ife tomwe titavala za Khrisimasi. Mwini wake analibemo, poti nthawi zonse iye ankakhala kuseri kwa kamera. Mapeto ake tinakulitsa cha pachiphaso, chija munthu amauzidwa kuti asaseke. Mlongo wanga anali woseka mpaka kugwira m'mimba, munthu woti akalowa pakhomo nkhuku zomwe zimadziwa, koma pabokosi panali nkhope ya munthu wodikira chigamulo kukhoti. Ndinachiyang'ana chithunzicho ndipo ndinapsa mtima kwambiri, osadziwa kuti ndikupsera ndani.

Anasiya mkazi ali ndi pakati poyamba. Mlamu wangayo ndi wa ku Ligowe, kumene mlongo wanga anali mkamwini. Ndi mtsikana wofatsa, wosachulutsa mawu, mwina n'chifukwa chake anagwirizana ndi munthu wolongolola chotero. Patapita timasabata ndinakwera njinga kukamuona. Ndinamupeza pakhonde atavala zakuda, akusankha nyemba m'lichero, mapazi atatupa. Tinacheza za mvula, za kusikelo, za amayi. Nditaimirira kuti nditsanzike ndi pamene ananena zimene zinali kukhosi.

"Alamu," anatero, "pa katundu yense uja ine sindikufunapo kanthu. Njinga, mipando, atenge amene atenge. Ndikungofuna kanthu koti mwanayu akadzakula adzaone bambo ake akuyenda, adzamveko mawu awo. Ngakhale kakhale kafupi bwanji."

Foni ya mlamuyo inali ya mabatani, yongoimbira ndi kuwunikira usiku. M'foni yanga munalibenso mawu ake, chifukwa mlongo wanga sankadziwa kutumiza uthenga wa mawu. Iye akafuna kunena kanthu ankaimba basi, n'kukusunga pafoni mpaka khutu litatentha. Komabe ndinamuuza mlamu kuti asadandaule. Ndinalankhula ndi mtima wonse, poti ndinkadziwa kumene ntchito yake yonse inali.

Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki ku boma, mu ofesi ya bungwe la alimi. Mlongo wanga ankakonda kubwera kumeneko kudzapempha netiweki. Ankakhala pabenchi ya alendo, laputopu pamiyendo, kukweza makanema ake kunkhokwe ya pa intaneti, ija anzanga a mu ofesi amati klaudi. Ndinkamukalipira kuti akutichedwetsera ntchito, iye n'kumangoseka. Ankati makadi a kamera amatayika, malaputopu amabedwa, koma chimene wachikweza kumwambako chimakhala. Ndiye ndinkadziwa kuti zaka zake zonse zili kumeneko, ndipo ndinaganiza kuti pa mulu wonsewo sipangalephere kupezeka pamene iye akuoneka. Polowera pake panali pamodzi: nambala yachinsinsi imene amatumiza ku foni ya mwini nkhokwe.

Foniyo inali kwa amalume, achimwene awo a amayi, amene ndiwo mwini mbumba yathu. Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa wamba. Amasonkhanitsidwa m'chipinda chimodzi, chitseko chimatsekedwa, ndipo palibe chotuluka mpaka tsiku logawa. Lisanafike tsikulo zovala zimachapidwa, mabulangete amayanikidwa, ziwiya zimatsukidwa, kuti wolandira alandire chinthu choyera, chopanda thukuta la womwalirayo. Tsiku lomwelo ndi pamene amasudzulanso wamasiye, kumuuza pamaso pa ankhoswe kuti wamasuka, moyo wake upitirire. Ndakula ndikuona zimenezi ndipo sindinazitsutsepo.

Loweruka ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusema mpini. Ndinagwada, tinalonjerana, ndinafotokoza pempho la mlamu mwaulemu wonse umene ndili nawo, umene si wambiri. Ndinati sinditenga foni, ndikungofuna ndiione pamaso pawo. Analowa m'nyumba, natuluka nayo itakulungidwa m'kansalu koyera. Anaipereka ndi manja awiri, nkhope ikuonetsa kuti pali chinthu chimene achita bwino.

Nditaiyatsa, inandipatsa moni ngati foni ya m'sitolo. Munalibe chithunzi, munalibe dzina la munthu, munalibe uthenga ngakhale umodzi.

"Ndinakachapitsa," anatero amalume. "Zovala achapa amayi ako aang'ono, iyi ndinati ndichite ndekha. Ndinapita nayo kwa wokonza mafoni uja wa pafupi ndi msika. Ndinamuuza kuti achotse zonse, za m'katimo ndi za kumwamba kumene mumanenako, pasatsale kanthu. Ndi munthu wosamala, anatenga nthawi."

Koma abale inu! Ndinaimirira, ine mwana wa mlongo wawo, kuwaimirira amalume pakhomo pawo. Ndinafunsa kuti kodi foni ndi malaya? Ndinafunsa kuti anafunsa ndani? Ndinati mwana wa eni wayenda ndi kamera m'mapiri monsemu, kunyowa ndi mvula, kugona m'makalasi, inu n'kukafufutitsa zonse tsiku limodzi ngati mukusesa pabwalo! Mawu anakwera moti azakhali, akazi awo, anatuluka kukhitchini ali ndi chipande m'manja, n'kubwereranso.

Amalume sanakweze mawu. Anadikira nditatha mpweya, kenako anati ndikhale pansi.

"Foni iyi ipita kwa munthu," anatero. "Ukufuna munthuyo azidzati akayatsa, womwalira n'kumamuyankhula m'thumba? Nanga mtsikana uja? Ndi mwana, zaka zake zili kutsogolo. Timasudzula kuti munthu aiwale, apeze pogwira. Iwe ukufuna kumumangirira mwamuna wakufa pachifuwa, azimuonera m'mawa ndi madzulo. Ukuganiza kuti makolo anali opusa pochapa zovala?"

Sanali kunena zopanda nzeru, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa. Ndiye ndinanena chinthu chimene m'banja mwathu sitinena. Bambo awo, agogo anga aamuna, anapita kumigodi amalume ali wakhanda, ndipo sanabwerenso. Palibe chithunzi, palibe manda amene timawadziwa.

"Amalume," ndinatero, "kodi inuyo nkhope ya bambo anu mumaidziwa? Mawu awo munawamvapo? Ndiye mukufuna mwana uyunso akule choncho, eti?"

Anayang'ana mpini uja. Anautembenuza, naupala pamalo pamene panali posalala kale. Kenako anatambasula dzanja, ndinawabwezera foni, anaikulunganso m'kansalu kake. Ndinachoka osatsanzika, ndipo njira yonse yotsika kumsewu ndinalira mokweza ngati maliro ayambiranso.

Lolemba ndinafika ku ofesi maso atatupa. Mayi amene amayang'anira makompyuta athu anandifunsa chavuta, ndinamufotokozera. Iye anati ndisataye mtima msanga. Anati zinthu zikafufutidwa m'nkhokwe zotere sizitheratu tsiku lomwelo, zimayamba zakhala kudzala kwa masabata ochepa, ndipo munthu akafulumira amazitola. Akachedwa zimapita, ndipo palibe amene angazibweze. Ndinawerengera m'mutu kuchokera tsiku limene amalume anati anapita kumsika, ndinaona kuti nthawi yambiri yadyeka kale. Tsiku logawa katundu linali kutali kuposa pamenepo. Kudikira mwambo kunali kutaya zonse.

Ndinawaimbira amalume, sanayankhe. Ndinaimbanso madzulo, foni inangolira. Ndinatuma mawu kudzera kwa amayi, amayi anati, "Iwe ndi pakamwa pakopo, wawalasa achimwene pachilonda, ndiye ukufuna ine ndikatani?" Masiku amenewo sindinkadya bwino. Ndinkakhala pa desiki kulemba mayina a makalabu a alimi a mbatata ya kachewere, maganizo ali kudzala kumene sindikanatha kufikako.

Chaka chimenecho ofesi yathu inali itayamba kugwiritsa ntchito wothandiza wa pakompyuta, uja amati AI. Umamulembera zimene ukufuna ngati ukulembera munthu, iye n'kuchita. Poyamba ankangoyankha mafunso ndi kukonza makalata. Kenako anamulumikiza ndi nkhokwe zathu za pa intaneti, n'kumupatsa zida ziwiri: choonera zimene zili m'nkhokwe, ndi chokopera mafayilo kuchoka m'nkhokwe ina kupita m'nkhokwe ina. Chofufutira sanamupatse, abwana anakana. Ine ndinkamunyoza. Ndinkati ndi waulesi wa ulemu, amafunsa kawirikawiri ngati mkamwini watsopano. Koma chinthu chimodzi ndinkachidziwa: iye akamakopera, zinthuzo sizitsika pansi pano. Zimayenda komweko kumwamba, kuchoka uku kupita uko. Ndi netiweki yathu ya ku Neno, kutsitsa kanema wa ukwati umodzi wokha ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo mvula ikangoyamba umayambiranso. Makanema a zaka zonse za mlongo wanga, pamanja, sindikanawatha ngakhale mwanayo atabadwa n'kuyamba kukwawa.

Lachinayi, tsiku la msika, ndili kulemba, ndinamva munthu akuodira pakhomo la ofesi. Anali amalume, atavala jekete la kutchalitchi, nsapato zili matope mpaka m'mapazi. Sanandipatse moni wautali. Anakhala pabenchi ya alendo, natulutsa kansalu kaja.

"Foni sichoka m'manja mwanga," anatero. "Katundu satuluka tsiku lisanafike. Ngati pali chochita, uchitire pompano ndikuona."

Za mawu anga aja sanatchule, inenso sindinatchule. Ndinakapempha chilolezo kwa abwana, amene anangogwedeza mutu, poti mlongo wanga ankamudziwa. Ndinatsegula tsamba lolowera m'nkhokwe, ndinalemba nambala ya foni ya malemu, ndipo posakhalitsa foni ija inalira m'manja mwa amalume. Anadzidzimuka pang'ono. Anaitalikitsa kumaso, poti magalasi anaiwala, nandiwerengera manambalawo imodziimodzi, mokweza, ngati akuwerenga nyimbo ya m'buku. Chitseko chinatseguka.

M'nkhokwemo munali mbee. Wokonza mafoni uja analidi wosamala. Koma kudzala kunali kodzaza, mafoda pamwamba pa mafoda, ndipo pamwamba pake panali chenjezo loti zonsezi zichotsedwa kotheratu posachedwa. Kubweza zinthu kuchokera kudzala ndinachita ndekha, poti wothandiza uja analibe mphamvu imeneyo. Kenako ndinatsegula nkhokwe yatsopano m'dzina langa, yoti foni ya malemu isamaifikire, ndinamulumikiza wothandizayo ndi nkhokwe zonse ziwiri, ndinamulembera zimene ndikufuna.

Monga mwa khalidwe lake, anafunsa kaye. Anati waona mafoda ambiri, ena aakulu kwambiri, ndipo akufuna kutsimikiza: akopere zonse mmene zilili, ndi mayina ake omwe, osasintha kanthu m'nkhokwe yoyambayo? Ndinawamasulira amalume funsolo.

"Ndiye kuti akutenga katundu wa malemu," anatero.

"Sakutenga, amalume. Zili ngati kukapala moto kwa mnansi. Inu mwapita ndi moto, iyenso moto wake watsala."

"Moto wopala umatenthanso nyumba," anatero. Anayang'ana kompyutayo ngati akuyang'ana mlendo amene sanadziwe mtundu wake. "Koma wafunsa. Wokonza mafoni uja sanandifunse kawiri. Muuze apale."

Ndinalemba kuti inde. Palibe chimene chinaoneka chodabwitsa. Pakompyuta pankangobwera mizere yonena kuti foda yakuti yatha, yakuti yatha, ndipo mayina ake anali olemba mlongo wanga, ndi kalembedwe kake kosasamala zilembo zazikulu: ukwati wa ku matope mvula, kwaya ya amayi, chinkhoswe cha mwana wa asitolo. Ndinkawerenga mayinawo ndipo ndinkamumva akuwatchula. Pena ntchito inaima, wothandizayo anati fayilo ina yakana, ayesanso, anayesanso, inatheka. Amalume anakhala pabenchipo mpaka dzuwa linapendeka, osapempha ngakhale madzi. Zitatha anandiuza kuti ndiwaonetse m'foni. Ndinawaonetsa kuti ikadali yoyera monga anaichapitsira. Anaikulunga, naimirira.

"Simudikira tione ngati alimo?" ndinafunsa.

"Zanga ndamaliza," anatero, natuluka kukafuna njinga yobwerera.

Tsopano zonse zinali m'manja mwanga, koma chimene mlamu anapempha ndinali ndisanachipeze. Masiku otsatira, nthawi ya nkhomaliro, ndinkatsegula makanema amodziamodzi. Akwati, aphelekezi, ana omwaza maluwa, azibusa, amayi ovina perekaniperekani. Mawu ake ankamveka patalipatali, "sunthirani kuno," "mayi inu mwatchinga," koma omizidwa ndi zoimbira, ndipo nkhope yake sinkaoneka. Ndinayamba kuopa kuti ndalonjeza chinthu chimene kulibe, ndipo ndakangana ndi amalume pachabe.

Ndinamulembera wothandiza uja mokwiya, ngati iye ndiye walakwa. Ndinati andipezere mlongo wanga. Anayankha mosabisa kuti nkhope yake saidziwa, mawu akenso sawadziwa, ndipo safuna kundipatsa munthu wolakwika. Koma anati waona chinthu china pokopera paja. Mwini nkhokweyi ankaika ntchito iliyonse m'foda yakeyake, koma pali timakanema tambiri tatifupi kwambiri, topanda mayina, tongokhala ndi manambala a kamera, timene sitili m'foda ya kasitomala aliyense. Anafunsa ngati angatikopere pamalo amodzi kuti nditione mosavuta. Ndinati achite, ngakhale mumtima ndinkati ndi zinyalala, zija kamera imajambula yokha ikagundidwa.

Koyamba kanayamba ndi mipando yopanda anthu. Tchalitchi chokongoletsedwa, m'mawa, anthu asanafike. Kamera itaima pamiyendo yake. Kenako munthu anatulukira kuchokera kumbali, akuyenda mothamangira, nakaima kutsogolo pamene akwati amaima. Anatembenuka, nayang'ana kamera, natsinzinira diso limodzi.

"Apa kuwala kulipo," anatero. "Koma zenera ilo litivuta."

Anali iye. Mayo ine, anali iye, ndi malaya ake a mizere amene ndinamugulira ine ndemwe. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja kuti anzanga asamve, koma anamva, ndipo mayi wa makompyuta uja anabwera kudzaima kumbuyo kwanga atandigwira paphewa.

Kameneko kanali kagwiridwe kake ka ntchito, kamene ife tonse sitinkakadziwa chifukwa kankachitika tisanafike. Analibe womuthandiza, ndiye asanayambe mwambo uliwonse ankaimika kamera, kuiyatsa, n'kukaima yekha pamalo a eni mwambo kuti aone ngati chithunzi chikhala bwino. Timakanemato tinali topanda ntchito kwa wina aliyense, ndipo ndikhulupirira kuti mwini wake sankadziwa kuti tikukwera limodzi ndi zinazo. Tinalipo ta zaka zonse. Mu kena ali wowonda, tsitsi lalitali, asanakwatire. Mu kena ali ku Matope, mtsinje uli kumbuyo, akukangana ndi mbuzi imene yalowa pamphasa za alendo. Mu kena ali pabwalo la wasitolo wachisilamu wa pa Ligowe, wavula nsapato, akuyesa kukhala pansi mopinda miyendo n'kudziseka yekha polephera. Mu kena ali pamaliro, wavula chipewa, sakuseka, akungoyang'ana kamera n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Ndinatsitsa towerengeka m'foni yanga, timene netiweki inalola, totsalato ndinati tidzaonera komweko.

Tsiku logawa katundu linafika. Tinapita ku Ligowe ndi amayi, amalume ndi abale ena. Katundu anayalidwa pamphasa, ankhoswe a mbali zonse anakhala pamipando, mawu ananenedwa monga amanenedwera. Foni inapita kwa msuweni wathu wina, yoyera. Amalume analankhula bwino tsiku limenelo, ndiyenera kuvomera. Anamuuza mlamu kuti banja lathu lilibe naye mangawa, wamasuka, koma mwana amene wanyamulayo ndi magazi athu ndipo pakhomo pathu sadzagogoda. Mlamu anangoweramitsa mutu. Amayi ake anamuvula mpango wakuda.

Anthu atayamba kudya ndinamukodola. Tinazungulira kuseri kwa nyumba, n'kukwera kamtunda ka m'mphepete mwa munda wa chimanga, pamene anthu a pamudzipo amakaimbira foni. Anayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Tinakhala paudzu.

"Ndapeza," ndinatero. "Koma mukapanda kufuna kuona lero, ndisunga. Sizithawanso."

"Dikirani kaye ndikhale bwino," anatero, nakonza chitenje. "Yatsani."

Ndinamuonetsa ka mbuzi kaja. Anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba chichitikire ngoziyo, kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo sindinamuletse. Anaonera kena, ndi kena. Timene ndinatsitsa titatha, anatenga foni m'manja mwanga n'kuyamba kutsetsereza yekha chala pa tizithunzi ta timakanema totsala. Anaima pa kena kamene ine ndinali ndisanakatsegule. Pakachithunzipo pankangooneka khoma ndi nsalu zachikasu zomangidwa m'mizati.

"Ichi ndi tchalitchi chathu," anatero. "Nsalu izi anamanga ndi amayi anga."

Linali tsiku la ukwati wawo. Kanema wa ukwatiwo kulibe, sanakhalepo. Mlongo wanga anapatsa kamera mnzake wina woimba kwaya, namuphunzitsa pogwira, koma munthuyo analoza kamera mwambo wonse osadina poyambira. Tinaseka nazo chaka chathunthu. Palibe amene anaganiza kuti m'mawa wa tsikulo mkwati anapita yekha kukakonza kamera, monga ankachitira pa maukwati a eni.

Kanemayo anachedwa kutseguka. Kenako mlongo wanga anaoneka, atavala thalauza la suti ndi malaya oyera, jekete asanavale, tayi ili lende pakhosi. Anakaima kutsogolo. Anayang'ana kamera, nasunthira kumanzere pang'ono, kusiya malo pambali pake.

"Ine ndiima apa," anatero. "Mayi a kunyumba aima apa. Ndi wamfupi, ndiye kamera itsike pang'ono. Amandifika apa."

Anatambasula dzanja pambali, chikhatho choyang'ana pansi, pa msinkhu wa phewa lake, akumwetulira malo opanda munthuwo. Pomwepo netiweki inathawa. Chithunzi chinaima, kachizindikiro kakuzungulira pakati, iye ali chiimire ndi dzanja lake m'malere.

Ndinatukwana netiweki ya ku Neno ndi mawu amene sindingawalembe pano. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge foni, ndikwere nayo pamwamba pang'ono, mwina igwira. Mlamu anaikokera pachifuwa pake.

"Musakhudze, alamu," anatero. "Asiyeni aime choncho."